Pamene Mawu Anu Amathera

9 Malichi

Amake Kamphepo,

Kalatayi ikupezeni ndi moyo, inu, mwana ndi amayi. Chifuwa cha amayi chija chidatha, kapena akungochibisa monga mwa chizolowezi chawo? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona.

Mudabwa kuona kalata ya pamanja pamene tonse tili ndi mafoni. Adalaivala a lole amene akubweretserani katoniyi ndi munthu wosamala, ndiye ndati ndiikemo ndi pepala lomwe. Komanso foni masiku ano ikundivuta. Mukamalankhula ndimangoti eya, eya, koma zina zimandidutsa. Ndikuganiza kuti ndi netiweki ya m'nyumba muno. Zolemba sizidukaduka.

Ndalama ndidatumiza dzana. Muyambe ndi denga la kuchipinda kwa amayi, zina zidikire. Nsapato za Kamphepo ndagula zokulirapo dala, muzimuikira pepala kutsogolo. Kuno zinthu zakweranso, sopo ndi mafuta ophikira makamaka, koma sindinafike podandaula.

Mwandifunsa kuti muziwayankha chiyani anthu, poti achimwene anu akulengeza kuti ndimalipidwa chifukwa chosewera magemu ngati kamwana. Alamu muwawerengere ndime iyi.

Tili anthu ochepa m'chipinda chachitali, pamwamba pa sitolo ya matayala. Tikupanga gemu ya pa kompyuta, yoopseza. Wosewera amakhala mayi amene watsekeredwa m'fakitale yakale, ndipo m'menemo muli chilombo chomusaka. Ena amajambula makoma, ena amayendetsa chilombocho. Ine ndimaika phokoso. Kuika phokoso n'kosavuta, chovuta ndi kuliuza pothera. Kunja kuno zimenezi zidakonzedwa kale: galu akauwa kutsidya mumangomumva pang'ono, akauwa pakhomo mumadzidzimuka. Koma mu kompyuta mulibe mpweya. Mukaikamo dontho la madzi osalidulira malire, limamveka chimodzimodzi paliponse, fakitale yonse imasanduka dontho. Choncho phokoso lililonse ndimalizunguliza mikombero iwiri. Mkati mwa waung'ono limamveka lonse. Kuchoka apo limanka lichepa, ndipo pa mzere wa waukulu limafa.

Kapitawo wathu timawatcha Achipewa, chifukwa palibe adaonapo pamutu pawo. Iwo amati mantha amakhala pa mzere wakunjawo. Akuti, "Chilombo chikamveka chili kutali, wosewera amayamba kuyasamula. Chikamveka chitamugwira kale, amati tamubera. Chimveke pamene kuthawa kukadali kotheka, koma pang'ono pokha." Ntchito yanga ndi imeneyo, kupeza pang'ono pokhapo.

Ndikuululireni kanthu. Telala ali ndi tepi yake, mmisiri ali ndi chingwe chake. Ine muyeso wanga ndinu. Mukukumbuka uthenga wa mawu uja mudanditumizira mutaiwala kuzimitsa foni, mukukuwa kuti, "Iwe Kamphepo, bwera udzasambe, ndisakubwerere uko!" iye akuseka kuseri kwa nyumba? Ndidauika m'chipinda chopanda kanthu cha mu kompyuta, n'kuupatsa mkombero wa mamita makumi atatu. M'mawa uliwonse ndimavala mahedifoni, ndimaimika kamunthu ka mu gemu pafupi nanu, n'kumakabweza chafutambuyo mpaka mawu anu atazimirira. Akazimirira pa makumi atatu, ndimadziwa kuti zipangizo zili bwino, ntchito iyambike. Musaope, mu gemu simulowamo. Chilombo chingathawe.

Masabata awa mwakhala mukuzimirira msanga pang'ono. Ndapempha mahedifoni atsopano.

Ndine mwamuna wanu.

6 Epulo

Amake Kamphepo,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti denga latha. Mmisiriyo musamupatse zotsala asanabwere kudzamata pamene mukuti pakuoneka kuwala. Ine thupi lili bwino.

Alamu auzeni kuti ndamva. Akuti ngati ntchito yanga ndi kujambula mikombero, iwonso atha, ndiwatumizire ya basi. Abwere, mpando ulipo.

Mahedifoni atsopano adabwera, abwino kwambiri. Mukuzimirira pamalo omwe aja.

Pali mtsikana wina pantchito, ntchito yake ndi kusewera gemuyi tsiku lonse kufunafuna zolakwika. Timamutcha Mleme, chifukwa amamva ndi nyerere yomwe ikamayenda. Lachiwiri adabwera pa tebulo langa, mahedifoni ali m'khosi.

"Achimwene, chilombo chanu mwachiveka nsapato za chitsulo?"

Ndidati bwanji.

"Ndili ku khichini ya fakitale, icho chili ku chipinda cha injini, pakati pali makoma ndi makoma, koma ndikuchimva ngati chikuvina padenga. Ndafika pochimvera chisoni. Chilombo chanji chochita kulengeza?"

Anzathu adaseka, inenso ndidaseka. Atachoka ndidatsegula manambala. Kompyuta imasunga dzina la aliyense amene wasintha kanthu, ndipo dzina linali langa lokha. Kwa miyezi ndakhala ndikukulitsa mkombero wa mapazi a chilombo, lero pang'ono, mawa pang'ono, chifukwa kwa ine ankamveka otsika. Wa injini chimodzimodzi, wa zitseko zachitsulo chimodzimodzi. Koma wa magalasi osweka ndi wa makoswe sindidaukhudze. Zimene ndidakulitsa zonse ndi za mawu a pansi, ogunda. Ndazibweza m'malo mwake.

Ndidapita ku sitolo ya mankhwala, adandipatsa odontheza m'khutu, akuti mwina ndi phula chabe. Anthu ambiri zimawachitikira, makamaka ife ovala mahedifoni tsiku lonse. Palibe chodetsa nkhawa.

Ndikupempheni kanthu kamodzi. Tsiku lina mukamacheza ndi amayi, muwafunse mongocheza kuti malemu atate adayamba liti kupendeketsa mutu munthu akamawalankhula, ndiponso kuti lidayamba ndi khutu liti. Musanene kuti ndafunsa ndine. Ndikungofuna kudziwa.

Kamphepo mumuuze kuti chithunzi chake cha galu ndachimata pa kompyuta. Achipewa adafunsa ngati ndi chilombo chatsopano.

Mwamuna wanu.

27 Epulo

Amake Kamphepo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Yankho lanu ndalilandira. Chaka chimene ndinkayamba kukwawa, khutu la kumanja. Ndawerengera, atate anali ndi zaka zimene ndili nazo panopa. Mwati amayi adakuyang'anani nthawi yaitali, n'kufunsa kuti kodi mwana wanga ali bwino. Mudachita bwino kuwauza kuti ali bwino.

Mankhwala odontheza aja adatha. Ndidachita kuyesa kumene ndikadayenera kuchita kalekale, koma ndinkakuzengereza. Ndidatembenuza mahedifoni, ya kumanja kupita kumanzere. Vuto likadakhala la chipangizo, kufooka kukadasamuka. Kudakhala pomwepo. M'chipinda chija, mawu anu tsopano amathera asanafike pa makumi awiri. Kuseka kwa Kamphepo kumapitirira pang'ono, inu mutatha kale.

Pali china. Sindidafune kulemba, koma adalaivala adachimva kwa anthu a pa sitolo, ndiye kuli bwino muchimve kwa ine. Loweruka ndinkatsika kupita kukagula buledi. Pakhomo pa sitolo ya matayala pali kanjira kolowera magalimoto. Ndidaima pamenepo ndikuyang'ana foni. Mayi wina wogulitsa zipatso adandigwira kolala n'kundikokera kukhoma, mabatani adathothoka. Lole inkabwerera chafutambuyo, idadutsa pomwe ndidaima. Mayiyo adandikalipira kuti, "Bambo, mwatopa ndi moyo? Tonse takuwa pano, inu du ngati chitsa!" Injini ya lole si kanthu kakang'ono, Amake Kamphepo. Inali kumanja kwanga, ndipo sindidaimve.

Mukudziwa mmene atate adafera, ngakhale kunyumba sitimakamba. Lole ya pa depoti, chafutambuyo, anthu akukuwa. Amati chakudza sichiimba ng'oma. Kwa atate chidaimba, iwo ndiwo sadamve.

Ine si munthu wokhulupirira kuti za bambo ziyenera kugwera mwana. Ndawerenga ndithu, ndipo kufanana kwa zinthu ziwiri si umboni. Koma nditakwera kumtunda tsiku limenelo sindidalowe m'nyumba msanga. Ndidakhala pa masitepe, kiyi ili m'manja.

Musauze aliyense, makamaka alamu. Chitupa changa chokhalira kuno chidalembedwa pa ntchito imeneyi. Ntchito ikatha, chitupa chatha. Ndipo palibe amasunga gonthi kuti aziyeza phokoso.

Ndalama za fizi zibwera mwezi ukatha, monga mwa nthawi zonse.

Mwamuna wanu.

25 Meyi

Amake Kamphepo,

Moni kwa nonse. Malungo a Kamphepo adandidetsa nkhawa, mwachita bwino kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Amalize mankhwala onse ngakhale akuoneka kuti wachira. Ine ndikuyenda, ndikugwira ntchito.

Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza. Mwati wobisa matenda maliro adzamuulula. Mwatinso amayi adazindikira okha, ndipo akuti pali anthu ansanje. Muwauze mwaulemu kuti nsanje siisankha mawu a pansi n'kusiya a pamwamba. Apemphere ndithu, sindikana, koma asapereke nkhuku kwa munthu aliyense chifukwa cha ine. Kuchipatala ndalembetsa, andipatsa tsiku mwezi wamawa.

Mwafunsa kuti ndikugwira bwanji ntchito. Ndikugwira ndi maso. Pa kompyuta pali timizere tobiriwira timene timadumpha phokoso likamveka, ndimayang'ana timeneto. Ndimakumbukira manambala a kale, a nthawi imene makutu anali anga, n'kumawatsatira. Koma manambala amakuuza kuti phokoso lilipo, sakuuza ngati likuopsa. Zili ngati kuphika osalawa.

Pa msonkhano ndimathamangira mpando umene umaika Achipewa kumanzere kwanga. Anthu akaseka, ndimaseka. Tsiku lina ndidadziona pa galasi la zenera ndikumwetulira, mutu uli chopendekera, ndipo ndidawaona atate. Ankakhala choncho pakati pa alendo, akumwetulira chilichonse, ife ana n'kumaseka kuti adadi avomera zimene sadamve. Khutu la kumanja layambanso kulira ngati waya wa magetsi. Likamalira kwambiri ndimatsegula zenera kuti phokoso la mumsewu liliphimbe.

Mleme wandigwira. Ndinali pa ketulo, iye adangotulukira kutsogolo kwanga.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani?"

Ndidati palibe.

"Ndakuitanani kumbuyoku mpaka ndachita manyazi. Poyamba ndimati ndi matama. Kenako ndakuuzani kuti thalauza lanu lang'ambika, osatembenuka. Palibe mwamuna wamatama amene satembenuka pa nkhani ya thalauza."

Ndidayesa kunena za mahedifoni, kuti amasiya makutu ali zii. Sadakhulupirire.

"Khutu liti?"

Ndidaloza la kumanja. Adazungulira n'kudzaima kumanzere, n'kunena motsitsa kuti, "Achipewa akudziwa?" Ndidati ayi, ndipo asadziwe kufikira alendo atabwera. Mwezi wa Julayi kukubwera eni ndalama kudzaona gemuyi. Akaikonda tonse tili ndi ntchito chaka chamawa.

Adati, "Ine bodza sindinganene. Akandifunsa ndiyankha. Koma asanafunse, makutu anga ndi awa, muzibwereka. Malipiro ake ndi mabisiketi, a chokoleti, osati ouma aja mumadya inu."

Ndiye tsopano ndikaika mkombero, iye amasewera, akandikwezera chala ndimakulitsa, akatsitsa ndimachepetsa. Zikuyenda. Koma mtima wanga umagunda nthawi iliyonse Achipewa akadutsa kumbuyo kwanga, poti sindidziwa kuti aima pamenepo kuyambira liti, kapena ngati anenapo kanthu.

Mwamuna wanu.

22 Juni

Amake Kamphepo,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Za ine ndilemba mmene zilili.

Kuchipatala adandilowetsa m'kachipinda kofanana ndi kabati, makoma ake ofewa. Adandiveka mahedifoni n'kundipatsa batani kuti ndizidina ndikamva kulira. Ndidafuna kuseka, chifukwa imeneyi ndi ntchito yanga yomwe, kungoti lero kamunthu kobwezedwa chafutambuyo ndinali ine. Panali nthawi zina ndinkaona nesi kuseri kwa galasi akutembenuza kanthu n'kundiyang'ana, akudikira. Ndinkadziwa kuti kulira kulipo. Chala chinkafuna kudina. Sindidadine. Ndikanamiza pepala limenelo ndiye kuti ndatsala wopanda chilichonse chokhulupirira.

Adokotala ndi mayi wachikulire, wolankhula akukuyang'ana kumaso. Adandijambulira khutu pa pepala. Mkati muli tifupa titatu, ndipo komalizira ndi kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kamayenera kugwedezeka kuti mawu adutse. Kanga kakugwirana ndi fupa lokazungulira, kakuuma ngati chitseko cha dzimbiri. Mawu a pansi ndi amene amayamba kutsalira panja. N'chifukwa chake inu mumazimirira Kamphepo asanazimirire. Adafunsa ngati kubanja kuli wina. Ndidawauza za atate. Adagwedeza mutu, akuti nthendayi imakonda kuyenda m'magazi.

La kumanja lapita patali. La kumanzere layamba.

Ndidafunsa kuti lidzatha liti. Adati, "Bambo, mukufuna nambala, ndikukuonani. Ndilibe. Ena zimaima, ena zimapitirira." Opareshoni ilipo, amachotsa kafupako n'kuikapo ka chitsulo. Ambiri amathandizika, ena pang'ono, ochepa khutu limatheratu. Mzere wake ndi wautali pokhapokha inshuwalansi ya kuntchito italowererapo, ndipo kuti ilowererepo pafunika siginecha ya Achipewa. Mwaona pamene ndaima. Kuti ndipulumutse khutu ndiyenera kuuza munthu amene angandichotse ntchito chifukwa cha khutu lomwelo.

Ndaganiza zodikira alendo adutse kaye.

Adokotala akuti kwa ana sizioneka, zimadikira munthu akule, ndiponso si mwana aliyense amene amatengera. Ndikudziwa zimenezi, ndaziwerenganso m'mabuku awiri. Komabe ndichitireni ichi: Kamphepo akamasewera, muime kumbuyo kwake, munong'one kuti mwamugulira switi. Mundiuze ngati atembenuke. Mukhale ndi switiyo m'manja, asadzati amake ndi abodza.

Mwamuna wanu.

20 Julayi

Amake Kamphepo,

Moni. Zikomo pa nkhani ya switi. Mwati adatembenuka musanamalize n'komwe, ndipo tsopano amangokutsatirani kudikira kuti munong'onenso. Ndidaseka ndekha m'chipinda.

Alendo adabwera Lachinayi. Zonse zaululika, ndipo mwaziulula ndinu.

Ndifotokoze mwadongosolo. Lachitatu Mleme sadabwere, adapita kukazula dzino. Achipewa adati kolido yomaliza, ya ku chipinda cha injini, mapazi a chilombo akuchedwa kumveka, ndikonze lisanathe tsiku. Ndidalibe makutu obwereka. Ndiye ndidatenga muyeso wanga. Ndidakuchotsani m'chipinda chopanda kanthu chija n'kukuikani m'fakitale mwenimwenimo, motsitsa kwambiri, kuti ndifananize ndi mapazi. Ndipo kuti mawu anu asasinthe pamene ndikuyendetsa kamunthu, ndidakuchotserani mkombero. Mukukumbuka za dontho lopanda malire? Nditamaliza ndidayenera kukufufutani. Munthu wakumva sangaiwale chinthu chotero, chifukwa chimamukumbutsa chokha. Ine ndidavula mahedifoni, ndidavalanso, m'fakitale munali chete. Ndidatseka kompyuta n'kupita kwathu.

Lachinayi tidatseka makatani, tidalumikiza masipika aakulu. Alendo anali abambo awiri a majekete ndi mayi mmodzi. Mayiyo ndiye adagwira chosewerera. Ine ndidakhala kumbuyo, pakona. Kamunthu kadayamba kuyenda mumdima, tochi ili m'manja. Posakhalitsa mayiyo adaima. Adatembenuza kamunthu uku ndi uku, ngati akufuna china. Mmodzi wa abambo aja adayang'ana kudenga. Mleme, tsaya lili lotupa, adanditembenukira maso ali tong'o. Ine ndinkangoona nkhope zikusintha, osadziwa chimene chikuzisintha. Zoopsa zonse zimene ndaikapo mu gemu imeneyi sizifika pa mphindi imeneyo.

Mleme adandiuza pambuyo pake mmene zinkamvekera. Mumdima monse, kukhichini, pa masitepe, ku injini, mayi akuitana chapansipansi m'chilankhulo chimene palibe amachidziwa, ndi kamwana kakuseka, mobwerezabwereza, osayandikira, osatalikira.

Mayi wachilendoyo adati, "Ameneyu ndani? Ali kuti? Ndikumuthawa koma sakutha." Adaika chosewerera pansi n'kupukuta manja pa siketi.

Achipewa adandiyang'ana. "Chimenechi n'chiyani?"

Ndidati, "Chiti?"

Ndikadatha kunama pa china chilichonse, koma osati pamenepo. Adandiyang'anitsitsa, kenako adayang'ana masipika, n'kundiyang'ananso.

"Sukumva?"

Ndidaimirira. Ndidati, "Ayi, sindikumva." Adandiuza zimene zikumveka, mongoyerekeza katchulidwe kake. Ndidati, "Ndi mkazi wanga. Akuitana mwana kuti akasambe."

Mmodzi wa alendo adaseka, ena adatsatira. Achipewa sadaseke. Adandiuza kuti ndichotse, chionetsero chidapitirira, ndipo alendo atapita adandiitanira ku ofesi kwawo. Ndidawapatsa pepala la adokotala. Adaliwerenga ataimirira.

"Kuyambira liti?"

Ndidawauza.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikukulankhula kumbuyo, n'kumati mnyamata uyu wayamba mwano." Adakhala pansi, adavula chipewa n'kupukuta kumaso. Ali ndi dazi, Amake Kamphepo, lalikulu ndithu. "Ukadandiuza m'Malichi ndikadasaina m'Malichi. Khutu ukadali nalo lochuluka. Iwe munthu wa manambala, sudawerengere zimenezo?"

Ndidawerengera zonse kupatula kuti munthuyo angavomere.

Asaina. Koma anenanso mosabisa kuti sangandilonjeze za chaka chamawa. Opareshoni ili mwezi wamawa. Ndikuopa, sindikubisirani. Adokotala adati ochepa khutu limatheratu, ndipo ochepawo ndi anthu ngati ine ndemwe.

Mundichitire chinthu chimodzi, musafunse chifukwa. Mubwereke tepi kwa mmisiri uja, muyeze kuchokera pa khomo la khichini kukafika pa geti, ndiponso kuchokera pakhomopo kukafika kuseri kumene Kamphepo amabisala.

Mwamuna wanu.

28 Sepitembala

Amake Kamphepo,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa mwana, ndi kwa alamu omwe. Pepani chifukwa cha kukhala chete. Mleme akuti adakulemberani pa foni kuti ndatuluka bwino, koma ndikudziwa kuti mumadikira dzanja langa. Masabata oyamba chipinda chinkazungulira, sindinkatha kuyang'ana pepala.

Tsiku limene adachotsa thonje m'khutu, chinthu choyamba kumva chinali nsapato zanga pa simenti ya chipatala. Ndidayenda kolido yonse, kubwerera, kuyendanso, mpaka nesi adafunsa ngati ndasochera. Khutu la kumanja labwerako, koma osati lonse. Lole ndimaimva tsopano, ndayesa dala, nditaima patali ndithu. Ketulo ndimaimva. Kulira kuja kwachepa. La kumanzere likupitabe pang'onopang'ono, adokotala akuti tidzaliona nthawi yake ikafika, ndipo andipatsa kachipangizo kovala.

Koma pang'ono pokha paja sindingathenso kupapeza. Ndidayesa, Achipewa adandipatsa mpata wokwanira. Ndikati apa ndiye pa mzere, Mleme amapukusa mutu. Gemu adaikonda alendo, anzanga ali ndi ntchito. Mpando wanga wapita kwa Mleme, ndipo ndine ndidamutchula. Mwezi uno ndakhala ndikumuphunzitsa manambala. Akuti mabisiketi tsopano azigula yekha, dziko laipa. Chitupa changa chikutha mwezi wamawa, sachiwonjezera.

Ndimayembekezera kuti tsiku lomva zimenezi ndidzagwa. Sindidagwe. Chimene ndakhala ndikuopa chaka chonse chidali kumbuyo kwanga, sindinkadziwa kuti chili pati. Tsopano chili kutsogolo, ndikuchiona kukula kwake.

Eni ndalama aja adapempha kuti mawu anu abwerere mu gemu, akuti palibe chidawaopsa kuposa inu. Alamu akamva zimenezi avomereza. Ndidakana. Ngati mukufuna kutchuka mundiuze, koma ine ndidati mawuwo ali ndi mwini wake, ndiponso ali ndi kwawo.

Dzulo ndidatsegula chipinda chopanda kanthu chija komaliza, ndisanabweze kompyuta. Ndidaimika kamunthu pafupi nanu, ndidakabweza pang'onopang'ono, popanda kachipangizo m'khutu kuti ndisadzinamize. Mudathera pa mamita khumi ndi awiri. Ndidabwereza, chimodzimodzi.

Inu mudalemba kuti kuchokera pa khomo la khichini kufika pa geti ndi mamita khumi, ndipo kuseri kwa nyumba sikufika n'komwe pamenepo. Mudawonjeza kuti mmisiri adafunsa ngati tikugulitsa malo. Sitikugulitsa. Ndinkafuna kudziwa ngati bwalo lathu likulowa mu mkombero umene wanditsalira. Likulowa, ndipo pakutsalako.

Ndibwera ndi adalaivala omwewa ulendo wawo wotsatira. Mabuku ndatsogoza m'katoni iyi, musawaike pansi, chinyezi chingawalowe. Za ntchito tidzakambirana ndikafika. Kompyuta ndimaidziwa mbali zambiri zosafuna makutu.

Pa depoti musandiitane muli patali, pamakhala phokoso ndipo ndingakuchititseni manyazi. Mubwere pafupi, mundigwire mkono. Tikamadutsa kumbuyo kwa malole musandisiye, ngakhale ndinene kuti ndikumva. Amayi asabwere kumeneko, andidikire kunyumba.

Kamphepo mumuuze kuti masiku ake obisala atha, tikhala awiri kuseri kwa nyumbako. Koma ine mukandiitana kuti ndikasambe, ndibwera.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kamphepo.